Buku la Genesis silifuna voti ya komiti ya sukulu

Pa 3 Meyi 2007, amuna khumi ofuna kuimira chipani cha Republican pa chisankho cha pulezidenti wa America anaima pamzere ku California, pa mtsutso woonetsedwa pa TV. John McCain anafunsidwa ngati amavomereza chiphunzitso cha evolution, chonena kuti zamoyo zimasintha pang'onopang'ono m'mibadwo yambirimbiri ndipo zinachokera ku makolo amodzi. Iye anati inde, nawonjezera kuti akamayenda m'chigwa chachikulu cha Grand Canyon dzuwa likulowa amaonanso dzanja la Mulungu. Kenako wofunsa anati amene savomereza akweze dzanja. Manja atatu anakwera: la Sam Brownback, la Mike Huckabee ndi la Tom Tancredo.

Manja atatu aja andikhala mumtima nthawi yaitali. Ine ndine wopemphera, ndinakulira m'Sande sukulu, ndipo ndimakhulupirira kuti Mulungu analenga kumwamba ndi dziko lapansi. Ndinaphunzitsaponso Biology ku sekondale. Chimene chimandipweteka n'chakuti andale osunga mwambo a ku America, amene kumeneko amawatcha ma conservative, atenga funso la mafupa, miyala ndi magazi n'kulisandutsa nsalu ya chipani. Munthu akakweza dzanja pamsonkhano ngati uja sakunena zimene wapeza atafufuza. Akuuza ovota kuti "ndine wanu". Ndikuona kuti akulakwitsa, ndipo amene akuvulala nazo ndi awiri: mwana wa m'kalasi, ndi chikhulupiriro chomwecho chimene amati akuchiteteza.

Nkhaniyi sinali ya chipani chimodzi kuyambira kale. Mu Julaye 1925, m'tauni ya Dayton ku Tennessee, mphunzitsi wa zaka 24, John Scopes, anaimbidwa mlandu wophwanya lamulo loletsa kuphunzitsa kuti munthu anachokera ku nyama. Amene anabwera kudzathandiza boma pa mlanduwo anali William Jennings Bryan, wa chipani cha Democratic, amene anapikisanapo katatu pa upulezidenti ndipo moyo wake wonse ankalankhulira alimi ndi amphawi. Scopes anapezeka wolakwa n'kulipitsidwa madola 100, Bryan anamwalira patangopita masiku asanu, ndipo lamulolo linakhalabe m'mabuku mpaka 1967.

Anthu ambiri amam'seka Bryan mpaka lero. Ine sindim'seka, chifukwa mantha ake anali ndi pogwira. Buku la Biology limene ana a ku Tennessee ankawerenga nthawi imeneyo linkandandalika mitundu ya anthu ngati makwerero, mzungu pamwamba penipeni, ndipo linkalimbikitsa zoti anthu ena asamaloledwe kubereka. Mu 1906 Ota Benga, mnyamata wa ku Congo, anaikidwa m'nyumba ya anyani kumalo oonetsera nyama ku Bronx, mu New York, kuti anthu azidzam'penyerera, ndipo amene anakweza mawu kudzudzula zimenezo anali abusa akuda. Ife Aafirika tikamva mawu akuti "nyani" akuyandikizidwa ndi mawu akuti "munthu", thupi limachita tsembwe, chifukwa tikudziwa pakamwa pamene mawuwo ankatulukira. Ndikulemekeza bala limenelo. Koma chimene chinagwetsa makwerero aja si lamulo la ku Tennessee. Sayansi yomweyo, itafika poyeza DNA, inaonetsa kuti anthu onse ndife mtundu umodzi, wosiyana pang'ono zedi, ndipo kwathu tonse ndi ku Africa. Bryan anaiona nthenda, koma mankhwala amene anasankha, otseka mphunzitsi pakamwa, sanachiritse aliyense.

Kuchokera pamenepo nkhani yakhala ya kusintha malaya. Mu 1968 khoti lalikulu la America linathetsa lamulo la ku Arkansas loletsa kuphunzitsa evolution, ponena kuti malamulo oyendetsera dzikolo salola boma kukondera chipembedzo. Kuletsa kutakanika, panabwera pempho lakuti mbali ziwiri zipatsidwe nthawi yofanana, ndipo nkhani ya kulenga inavekedwa dzina lakuti creation science, kutanthauza sayansi ya kulenga. Apa ndi pamene chipani cha Republican chinayamba kuyenda limodzi ndi Akhristu a evangelical. Mu 1980, ku Dallas, Ronald Reagan ali pa kampeni ananena kuti evolution ndi theory chabe, ganizo losatsimikizika, ndipo ngati ikuphunzitsidwa, nkhani ya m'Baibulo iphunzitsidwenso. Mu 1987 khoti lalikulu linakananso lamulo lotere la ku Louisiana, oweruza asanu ndi awiri kutsutsana ndi awiri. Malaya achitatu ndi amene anatchuka ndi bungwe la Discovery Institute la ku Seattle: intelligent design. Ganizo lake n'lakuti zinthu zina m'zamoyo n'zolukanalukana kwambiri moti sizikanabwera pang'onopang'ono, choncho pali wanzeru wina amene anazikonza. Dzina la wanzeruyo salitchula.

Kusatchula dzinako n'kumene kumandinyansa kwambiri monga Mkhristu, ndipo mlandu wa ku Dover unakuika poyera.

Dover ndi dera laling'ono ku Pennsylvania. Chakumapeto kwa 2004 komiti yoyang'anira sukulu za kumeneko inagamula kuti ana a giredi 9 aziwerengeredwa chikalata chachifupi asanayambe phunziro la evolution. Chikalatacho chinkati chiphunzitsochi, chimene anachitchukitsa Charles Darwin, si choonadi chotsimikizika, chili ndi mipata, ndipo wofuna maganizo ena akawerenge buku lotchedwa Of Pandas and People. Makolo khumi ndi mmodzi anakasuma. Mlandu unatenga masabata asanu ndi limodzi, ndipo unagwera m'manja mwa woweruza John E. Jones III, wa chipani cha Republican, wopemphera mu mpingo wa Lutheran, wosankhidwa ndi Pulezidenti George W. Bush mu 2002. Bush mwiniwake anali atangonena mu Ogasiti 2005 kuti mbali zonse ziwiri ziyenera kuphunzitsidwa. Ochirikiza komitiyo anaona ngati mbalame yagwa yokha m'manja.

Ndiye kukhotiko anatulutsa zolemba zoyambirira za buku lija, lisanasindikizidwe. Pulofesa Barbara Forrest anaonetsa kuti zolemba za 1987 isanafike zinali zodzaza ndi mawu akuti creation ndi creationists. Chigamulo cha 1987 chitangotuluka, mawuwo anachotsedwa malo oposa 100 n'kuikapo intelligent design ndi design proponents, ziganizo zina zonse osazikhudza. Pamalo ena wosinthayo anachita mothamanga, nasiya mawu awiri atalumana: cdesign proponentsists. Mutu ndi mchira wa mawu akale zikuonekera, mawu atsopano ali pakati. Zinadziwikanso kuti ndalama zogulira mabuku aja zinasonkhedwa kutchalitchi cha mmodzi wa a komiti, pamene ena mwa iwo analumbira kuti sakudziwa kumene mabukuwo anachokera. Pa 20 Disembala 2005 Jones anapereka chigamulo cha masamba 139. Anati intelligent design si sayansi, ndi chiphunzitso cha kulenga chomwe chija m'dzina lina, ndipo analemba mosapsatira kuti ena a komiti ananama atalumbira. Pambuyo pake iye ndi banja lake anafunika kulonderedwa chifukwa cha mauthenga oopseza.

Taganizirani zimenezo. Anthu ofuna kulowetsa Mulungu m'kalasi anayamba ndi kufufuta dzina lake m'buku, kenako n'kunama atagwira lumbiro. Ngati ndimakhulupirira kuti Yehova ndiye Mlengi, ndinene choncho poyera, paguwa, panyumba, pamsika. Kum'zembetsa ngati katundu wa pachipata cha Mwanza, atakutidwa lona la "wanzeru wina", si kum'lemekeza.

Sindikunena kuti ma conservative onse ali mbali imodzi. Jones ndi mmodzi wa iwo. Charles Krauthammer ndi George Will, olemba ndemanga otchuka a mbali yomweyo, analemba mu 2005 kudzudzula zolowetsa intelligent design m'kalasi ya sayansi. Ovota a ku Dover, dera lokonda Republican, anachotsa pampando mamembala asanu ndi atatu a komiti ija mu Novembala 2005, chigamulo chisanatuluke n'komwe. Atatero, mlaliki Pat Robertson anawauza pa TV kuti tsoka likawagwera asakalire kwa Mulungu, popeza am'kana. Anthu amenewo sanakane Mulungu. Anakana komiti imene inasiyira sukulu zawo ngongole ya madola pafupifupi 1 miliyoni ya maloya.

Komabe mphepo m'chipanimo imaombera mbali imodzi. Kafukufuku wa bungwe la Pew anapeza kuti mu 2009 anthu 54 pa 100 alionse a Republican ankavomereza kuti munthu anasintha m'kupita kwa nthawi, koma mu 2013 anatsika kufika pa 43, pamene a Democratic anali 67. M'zaka zinayi zimenezo palibe fupa limene linakumbidwa lotsutsa Darwin. Chimene chinalimba ndi mpanda wa pakati pa zipani. Onaninso mmene atsogoleri amazembera. Marco Rubio atafunsidwa mu 2012 za zaka za dziko lapansi anayankha kuti iye si wasayansi. Scott Walker atafunsidwa za evolution ku London mu 2015 anakana kuyankha. Jon Huntsman, amene ananena poyera mu 2011 kuti amavomereza evolution, sanapite patali pa mpikisano wa m'chipanimo. Amene amandidabwitsa kwambiri ndi Bobby Jindal, amene anaphunzira Biology pa yunivesite ya Brown, koma ali bwanamkubwa wa Louisiana anasaina mu 2008 lamulo lotsegulira khomo mabuku owonjezera okayikitsa evolution. Munthu woteroyo sangati sadziwa. Anawerenga mavoti.

Mfundo yawo yamphamvu ndiimve bwino, chifukwa imakoma m'khutu: makolo ndiwo amakhoma msonkho, ana ndi awo, nanga n'chifukwa chiyani akatswiri akutali aziwalamula zophunzitsa? Phunzitsani mbali zonse, ana asankhe okha. Ndi mfundo imene Bryan ankanena, ndipo ife amene timati mutu umodzi susenza denga timaimva msanga. Pa nkhani zambiri ndimagwirizana nayo. Makolo ayenera kukhala ndi mawu pa khalidwe la pasukulu, pa mapemphero, pa mmene ana akulangizidwira. Koma pali zinthu zimene sizimva voti. Mudzi wonse ukhoza kugwirizana kuti malungo amabwera ndi chimanga chachiwisi, udzudzu ulumabe usiku womwewo. "Mbali ziwiri" zimakhalapo pamene akatswiri eniake agawanika, ndipo mu evolution mikangano yotero ilipo yambiri: liwiro la kusintha, ubale wa fupa ili ndi lija, chimene chinapha mtundu wakutiwakuti. Imeneyo iphunzitsidwe. Koma zoti zamoyo zili pachibale, akatswiri a Biology sakukangana. Ku Dover, Michael Behe, wasayansi wodziwika kwambiri wa intelligent design, anavomera kukhoti kuti tanthauzo lake la mawu akuti theory n'lotambasuka moti ngakhale kuombeza ndi nyenyezi kungalowemo. Kuti ganizo lake lipeze mpando m'kalasi, panafunika kugumula khoma lonse lolekanitsa sayansi ndi zimene si sayansi.

Mawu akuti theory omwewo asokoneza anthu ambiri, ngakhale kuno. Pamsewu amatanthauza kungoganizira. Mu sayansi amatanthauza kufotokoza kumene kwayesedwa kambirimbiri n'kupirira, ndipo kumalosera zimene tidzapeze tisanazione. Kenneth Miller, wasayansi wa Katolika amene anachitira umboni makolo aja, anapereka chitsanzo chimene ndinkachikonda m'kalasi. Munthu ali ndi ma chromosome (timitolo ta DNA) 23 awiriawiri, chimpanzi ali ndi 24. Ngati tili pachibale, ndiye awiri ayenera kuti analumikizana kukhala amodzi mwa makolo athu, ndipo chipsera chake chiyenera kuoneka. Chikanasowa, chiphunzitsocho chikanagwedezeka. Chinapezeka pa chromosome 2, zizindikiro za kumapeto zili pakati pamene panalumikizana. Intelligent design siinganene chilichonse chimene tingapite kukayang'ana n'kuchipeza kapena kuchisowa.

Ife a ku Malawi nkhaniyi tinaimwa ndi madzi. Amene tinakula ndi chloroquine tikukumbukira kuwawa kwake ndi kuyabwa kwa thupi usiku wonse. Ndikukumbukira mng'ono wanga atamaliza mapiritsi onse, thupi likadali moto, mayi akumufunditsa chitenje chonyowa m'bandakucha n'kumam'funsa ngati sanalavule mankhwala. Sanalavule. Tizilombo ta malungo timene tinali ndi kusintha kotipulumutsa ku mankhwalawo ndi timene tinkatsala ndi kuswana, mpaka tinachuluka. Mu 1993 Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kuyamba Fansidar. Patatha zaka pafupifupi 12, ofufuza ku Blantyre anapeza kuti chloroquine wayambanso kugwira ntchito pafupifupi mwa odwala onse, chifukwa mankhwalawo atachoka, tizilombo tosamva tija tinagonja kwa tinzake. Fansidar nayenso anafooka, ndipo mu 2007 tinapita ku LA. Namwino amene sakumvetsa zimenezi sangafotokozere wodwala chifukwa chomalizira mankhwala a TB. Ena amati kumeneko n'kusintha kwakung'ono chabe. Apite ku Cape Maclear akaone mbuna: nyanja yathu ili ndi mitundu yoposa 500 ya nsomba za banja limeneli, pafupifupi yonse yosapezeka kwina kulikonse, ina yokhala pa miyala ya chilumba chimodzi basi. UNESCO italemba paki ya nyanjayi pa malo ofunika a dziko lonse mu 1984, chifukwa chimodzi chinali kufunika kwake pa maphunziro a evolution. Kusintha kwakung'ono kukapatsidwa nthawi sikuima pamalire amene munthu wajambula.

Za mwana wa m'kalasi ndanena. Za chikhulupiriro n'zimene zimandisowetsa tulo. Henry Drummond, mlaliki wa ku Scotland amene anayenda m'dera la nyanja yathu mu 1883, anachenjeza Akhristu anzake za chizolowezi chofunafuna Mulungu m'mipata imene sayansi siinafotokoze, ngati kuti Mulungu amakhala m'mipata. Intelligent design ndi chizolowezi chomwecho. Imaloza kachinthu kamodzi, monga kamchira kozungulira ka bakiteriya, n'kuti apa sayansi yalephera, apa ndiye pali Mlengi. Nanga mawa mpatawo ukatsekeka? Mwana amene anauzidwa kuti Mulungu ali pamenepo amaona ngati Mulungu wasamutsidwa. Ndaonapo achinyamata otero. Anauzidwa kutchalitchi kuti asankhe, Genesis kapena Biology, ndipo atafika ku koleji n'kuona umboni ndi maso awo, anasankha, n'kusiya kupemphera. Amene anawaika pamphambano imeneyo si Darwin. Augustine wa ku Hippo, Mwafirika mnzathu, anachenjeza zaka zoposa 1,500 zapitazo kuti Mkhristu akamalankhula zosadziwa pa za chilengedwe n'kumati ndi Malemba, akunja amaseka Malembawo. Papa John Paul II ananena mu 1996 kuti evolution yaposa pa ganizo longoyerekeza. Francis Collins, amene anatsogolera ntchito yowerenga DNA yonse ya munthu, ndi Mkhristu wa evangelical wosabisa. Anthu amenewa sanataye Baibulo. Anangoleka kulifunsa mafunso amene silinalembedwere.

Mlandu wina uli ndi a mbali inayo. Pali asayansi, Richard Dawkins ndi anzake, amene amalankhula ngati evolution yatsimikiza kuti kulibe Mulungu. Zimenezo si zotuluka mu labotale, ndi chikhulupiriro chawo, ndipo mphunzitsi wonena zotero m'kalasi walakwa mofanana ndi komiti ya ku Dover. Kholo losunga mwambo likakwiya ndi zimenezo ndili nalo limodzi. Koma mwano wa munthu mmodzi suchotsa chipsera pa chromosome 2.

Chimene ndikanayembekezera kwa munthu wodzitcha wosunga mwambo ndi kulemekeza zimene zamangidwa pang'onopang'ono ndi mibadwo ya anthu ogwira ntchito mosamala, kukayikira boma likafuna kulowerera pa za chikhulupiriro, ndi kunena zoona ngakhale zikuluzitsa. Zonse zitatuzi zikutsutsana ndi zimene zinachitika ku Dover. Kodi Mbaptisti angakondwe mphunzitsi wa boma, amene mwina sapemphera n'komwe, atapatsidwa ntchito yomasulira Genesis kwa mwana wake? Kodi nkhani ya kulenga yophunzitsidwayo ikhala ya mpingo uti, ya masiku asanu ndi limodzi enieni ndi dziko la zaka 6,000 monga amaonetsera Ken Ham ku Creation Museum ku Kentucky, kapena ya Akhristu ena ambirimbiri amene amawerenga mosiyana? Khoma lolekanitsa boma ndi chipembedzo limene amalidandaula ndi lomwe limateteza mipingo yawo.

Ndikulemba izi m'Chichewa chifukwa mkangano umenewu sukhala ku America kokha. Umabwera m'timabuku taulere, m'mavidiyo a pa WhatsApp, m'maulaliki a pa TV, utavala ngati Chikhristu chenicheni pamene ndi ndale za dziko lina, zobadwa m'makhoti a dziko lina. Tsiku lina mtsikana wa Fomu 4 anandifunsa, maso ali gwa, mawu akunjenjemera: "Aphunzitsi, ndikalemba zimenezi pa mayeso, ndiye kuti ndakana Mulungu?" Sankafuna kundiyesa. Ankaopadi. Ndinaika choko pansi n'kumuuza za nsagwada imene inapezeka ku Uraha, m'boma la Karonga, mu 1991, ya munthu wakale wa zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, imodzi mwa zakale kwambiri za banja lathu. Ndinamuuza kuti ine ndimakhulupirira kuti Mulungu ankaidziwa nsagwada imeneyo nthawi yonse imene inali m'dothi, ndipo Lamulungu likudzalo tidzakumana kutchalitchi monga mwa masiku onse.

Aphunzitsi a sayansi a ku Dover anakumana ndi funso lolemera kuposa langa, chifukwa lawo linachokera kwa owalemba ntchito. Mu Januwale 2005, nthawi yowerenga chikalata chija itakwana, analembera akuluakulu awo kuti sachiwerenga, popeza malamulo a ntchito yawo sawalola kuuza ana chinthu chimene akudziwa kuti si choona. Akuluakulu a maofesi ndiwo analowa m'makalasi kukachiwerenga okha, aphunzitsiwo atatuluka panja pamodzi ndi ana amene sanafune kumva.